Kale nyali yobiriwira inkati "samala", osati "pita"

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, sabata yatha ndinalowa m'kalasi ndi nyuzipepala yakale kuti ana ayesere kuwerenga mitu ya nkhani. Mutu wina unkati boma lapereka luz verde pa ntchito yomanga mlatho. Nditafunsa tanthauzo, mtsikana wina wanzeru kwambiri anati boma liika magetsi obiriwira pamlathopo. Palibe anaseka, poti anzake ankaganizanso chimodzimodzi. Ine ndinangoti "ndi chilolezo", koma nditafunsidwa kuti nyali ikukhudzana bwanji ndi chilolezo, ndinasowa chonena. Ambiri mwa ana amenewa sanafikepo mumzinda wa Tete n'kuona magalimoto ataima pa semáforo.

Mawuwa ali m'Chipwitikizi komanso m'Chingerezi, momwe amati "give the green light". Chiyambi chake ndi kunjanji, osati kumsewu.

Ku Britain m'zaka za m'ma 1840, woyendetsa sitima usiku ankayang'ana nyali za mitundu itatu. Yofiira inkati ima, yobiriwira inkati yenda mosamala, ndipo yomuuza kuti njira ili bwino inali yoyera. Vuto linali poyerapo. Nyali ya m'nyumba kapena ya mumsewu inkaonekanso yoyera, ndiye munthu ankatha kuyesa kuti wapatsidwa njira pomwe wangoona nyali ya pawindo la munthu. Choopsa kwambiri chinali chakuti galasi lofiira likasweka kapena kugwa, nyali yoletsa inkasanduka yoyera, n'kumaitana sitima kuti ibwere. Pofika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, makampani a njanji anayamba kusiya yoyera n'kupatsa yobiriwira ntchito yoti "pita". Ntchito yochenjeza inadzapita kwa yachikasu.

Kumsewu zinalowa kudzera mwa munthu wa njanji yemwe, J. P. Knight. Mu Disembala 1868 anaimika chizindikiro pafupi ndi nyumba ya malamulo ku London, choyendetsedwa ndi wapolisi. Masana chinkakweza ndi kutsitsa mikono ngati cha kunjanji, usiku chinkayatsa nyali za gasi, yofiira ndi yobiriwira. Apanso yobiriwira inkangoti samala. Sichinakhalitse: mu Januwale 1869 gasi anaphulika n'kuvulaza wapolisiyo, ndipo pambuyo pake anachichotsa. Nyali za magetsi zinaikidwa ku Cleveland, ku America, mu 1914, ndipo mu 1920 wapolisi wa ku Detroit, William Potts, anaika za mitundu itatu zomwe tikuzidziwa lero. Anthu atazolowera kudikira pamphambano mpaka kuyake yobiriwira, mawuwa anachoka pamsewu n'kulowa m'maofesi.

Ndidutsirepo pa maina. Semáforo ndi mawu ochokera ku Chigiriki, otanthauza chonyamula chizindikiro, ndipo poyamba ankanena za mikono ija. Abale athu a ku Malawi amati maloboti, dzina lomwe limamvekanso ku South Africa. Ku Japan nyali yomweyi amaitchula ndi mawu oti ao, omwe masiku ano amatanthauza mtundu wa thambo.

Mbiriyi inandithandiza kuona mmene mawuwa amagwirira ntchito. Wolandira green light amakhala atakonzeka kale, ngati sitima yomwe yaima koma injini ikulira. Wopereka amakhala ndi ulamuliro: nduna, dokotala, mkulu wa sukulu. Ndipo pamakhala padutsa nthawi yodikira. N'chifukwa chake mwana wopempha kupita kuchimbudzi sapatsidwa green light. Mngerezi angangomuuza kuti "go ahead".

Tsiku lotsatira ndinafunsa anawo kuti atchule zinthu zomwe kwathu kuno sizichitika mpaka wamkulu atanena. Anatchula zambiri kuposa zomwe ndinakonzekera. Adzukulu amafika kumanda ndi makasu m'manja koma sakumba mfumu isanaloleze. Ukwati suyenda ankhoswe asanavomereze. Mlendo amati odi n'kuima pabwalo mpaka mwini nyumba atati lowani. Zonse zitatu zija zilimo: kukonzeka, kudikira, ndi mwini mawu.

Koma ndinawachenjeza kuti asatenge green light kupita nayo kumaliro. Kwa ine mawuwa amanunkha ofesi ndi nyuzipepala, alibe ulemu womwe uli m'mawu oti "mfumu yaloleza". Ndiponso tisawamasulire liwu ndi liwu. Tikalemba kuti boma lapereka nyali yobiriwira, makolo kunyumba adzamva zomwe mtsikana uja anamva.

Mutu wa nyuzipepala uja tinaulemba limodzi pabolodi motere: Boma lavomereza kuti ntchito yomanga mlatho iyambe.