Kavalo wa m'belo ndi machila a ku Fort Johnston

Abale anga a m'gulu lino, sabata ino mwayi wagwera ine. Ndikulemba ndili ku Mangochi, kumene dzuwa la Okutobala likutiwotcha ngati usipa wa pathandala. Mundipirire, nkhani yanga iyambira pa benchi ya kaunjika koma ikafika kutali.

Mwezi wa Juni ndinatsegula belo la zidole. Inu amene munagulitsapo kaunjika mukudziwa kuti belo ndi mwayi, lina limakuseketsa, lina limakugonetsa ndi njala. Pansi pa zidole zaubweya ndinapeza kachipangizo kapinki kotseguka ngati kabuku, kokhala ndi masikirini awiri. Kumbuyo kwake kunalembedwa kuti Nintendo DS Lite. M'kati munali kakhadi ka gemu, pepala lake litasupuka. Mnyamata wokonza mafoni pamsika analimbana nako masiku awiri, poti tchaja yake si ya foni wamba, mpaka kanayaka. Pa sikirini panatuluka kavalo wofiirira ali m'khola, akupukusa mutu.

Ndinkafuna kukagulitsa, koma mwana wanga wamkazi wa Sitandade 5 anandichonderera mpaka misozi. Kuyambira tsikulo akaweruka kusukulu amakhala pansi pa benchi ndi kavalo wake. Ndi kandodo kapulasitiki kokhudzira sikirini amamusambitsa, kumupesa, kumuchotsa timiyala m'ziboda, kumudyetsa, kenako kumuika chishalo n'kumakadumpha naye mitengo yopingasa. Tsiku lina anadzutsa mutu n'kundifunsa: "Amayi, bwanji kuno kulibe akavalo? Ng'ombe ziliko, mbuzi ziliko, abulu ndinawaona titapita ku Lilongwe. Nanga kavalo?"

Ndinangoti kukamwa yasa. Ine wobadwira kuno, zaka makumi atatu ndi kanthu, funso limenelo ndinali ndisanadzifunsepo. Zimene ndinapeza nditayamba kufufuza ndi zimene ndikufuna ndigawane nanu.

Tiyambe ndi kachipangizoko. Kampani ya Nintendo inayamba m'chaka cha 1889 mumzinda wa Kyoto ku Japan, ndipo poyamba inkapanga makhadi a njuga. Mu 1980 inatulutsa timagemu ta m'manja totchedwa Game & Watch, mu 1989 Game Boy, ndipo mu 2004 inatulutsa DS, imene inagulidwa zoposa 150 miliyoni padziko lonse. DS inali ndi sikirini yokhudza, ndiye opanga magemu anaona kuti mwana angathe kusisita chiweto ndi dzanja lake. Mu 2005 kunabwera Nintendogs, gemu yolera agalu. Ya akavalo inatsatira mothamanga: Horsez ya kampani ya Ubisoft mu 2006, My Horse & Me ya Atari mu 2007, ndi ina yambiri. Makamaka ankagulitsa kwa atsikana a ku Ulaya ndi ku America amene amalota zokhala ndi kavalo koma makolo awo sangakwanitse. Inde, ngakhale kumeneko kavalo ndi wa anthu opeza bwino.

Ife a msinkhu wanga zimenezo zinatidutsa. Chathu chinali kagemu ka mabuliki kolembedwa 9999 in 1, kotengera Tetris imene Alexey Pajitnov anapanga ku Moscow mu 1984. Kenako mafoni atafala, TNM itayamba mu 1995 ndi Celtel mu 1999, tinadziwa Snake pa Nokia 3310 ya amalume, kumaba foni iwo ali m'bafa. Ndani akukana? DS yatipeza lero, patapita zaka pafupifupi makumi awiri, kudzera m'belo, mwini wake woyamba mwina ali pabanja tsopano.

Tsopano funso la mwana. Choyamba mvetserani mawu enieniwo. "Kavalo" tinabwereka kwa Apwitikizi, amene amati cavalo. "Bulu" nayenso ndi wawo, burro. Chilankhulo chokha chikuulula kuti nyama zimenezi ndi alendo.

Chimene chinkatchinga njira ya kavalo ndi kachilombo kochepa kuposa chala, kashembe. Ntchentche imeneyi imakonda tchire la m'zigwa zotentha ngati chigwa cha Shire ndi m'mphepete mwa nyanja. Ikaluma nyama yakutchire n'kudzaluma chiweto, imasiya tizilombo m'magazi. Njati ndi nguluwe zinazolowera, koma kavalo amawonda, kutupa, n'kufa. Kwa munthu, tizilombo ta mtundu womwewo timayambitsa matenda a kaodzera. David Bruce ndiye anatsimikiza mu 1895, ali ku Zululand, kuti kashembe ndi amene amanyamula matenda a ziwetowa, ndipo pakati pa 1911 ndi 1914 anadzagwira ntchito kuno ku Nyasaland kufufuza za kaodzera. Pamwamba pa kashembe palinso nthenda ina ya akavalo yofalitsidwa ndi timantchentche ting'onoting'ono toluma madzulo, imene imapha kavalo m'masiku owerengeka.

David Livingstone anayesapo kulimbana ndi kashembe. Mu 1866 anayamba ulendo wotsata mtsinje wa Rovuma ali ndi ngamira 6, njati zoweta za ku India, nyulu 2 ndi abulu 4, kuti aone ngati zingapirire. Zambiri zinafera m'njira, zina ndi ntchentche, zina ndi nkhanza za asilikali a ku India amene ankaziyendetsa. Pamene ankafika kwa Mataka, n'kutsikira kunyanja, n'kudzafika kwa Mponda mu Seputembala chaka chomwecho, katundu wake anali pamitu ya anthu.

Apa ndi pamene mtima unayamba kundiwawa. Kumene kavalo ndi ng'ombe yokoka ngolo sizikanatha kukhala, ntchito yake inagwera munthu. Minyanga ya njovu imene inkachoka kwa Mponda, kwa Makanjira ndi kwa Jalasi kupita ku Kilwa inkayenda pamapewa a anthu, ndipo ambiri mwa anthuwo anali akapolo oti akafika kugombe nawonso agulitsidwe. Tisabise, mafumu a kwathu konkuno analemera nawo malonda amenewo.

Mu 1891 Harry Johnston anabwera ndi asilikali a mtundu wa Sikh ochokera ku India, motsogozedwa ndi Cecil Maguire, n'kumanga linga kutsidya kwa Shire moyang'anana ndi mudzi wa Mponda. Ndiyo Fort Johnston, dzina lakale la boma lathu. Maguire anaphedwa ndi anthu a Makanjira mu Disembala chaka chomwecho, ndipo Jalasi anagonja mu 1895. Ukapolo unatha, tiyamike. Koma kashembe sanathe, ndiye katundu anafunikabe mutu wa munthu. Msonkho wa nyumba utakhazikitsidwa, amuna ambiri analibe kopezera ndalama koma kulowa utengatenga. Ndipo bwana mwini, poti kavalo analibe, ankayenda pa machila: nsalu yolimba yomangirira ku mtengo wautali, iye chagada m'katimo, amuna awiri kutsogolo ndi kumbuyo, ena akuthamanga pambali kudikira kulandira, nyimbo ili pakamwa kuti mapazi agwirizane. Lero tikamva "machila" timaganiza za kuchipatala. Agogo athu akamva mawuwa ankagwira phewa.

Choipitsitsa chinafika ndi nkhondo ya 1914. Sitima ya Guendolen, imene mfuti yake ili pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Queen Victoria ya 1903 pa boma pathu, ndi imene inakawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann mu Ogasiti 1914. Zimenezo amatiuza kawirikawiri. Zimene satiuza mokwanira n'zakuti nkhondo itasamukira kumtunda, akavalo ndi nyulu zimene asilikali anabwera nazo ku East Africa zinafa miyandamiyanda ndi kashembe, ndipo boma linatembenukira kwa anthu. Amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko lino anatengedwa kukanyamula chakudya ndi zipolopolo. Ambiri anafa ndi njala, kamwazi ndi chibayo, ndipo manda awo sadziwika.

Anganga anga, mayi wa amayi anga, ankatiuza kuti bambo awo anali ndi chikopa cholimba paphewa ngati chidendene, ndipo ankakana kunyamula ngakhale mtolo wa nkhuni pamaso pa anthu. Tili ana tinkaseka, kumati anali aulesi. Pano ndamvetsa.

Chinanso chimene chinandidabwitsa ndi ichi. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, kale inali kalabu ya azungu yotchedwa Gymkhana Club. Mawu akuti gymkhana Angerezi anawatola ku India, kumene ankatanthauza malo a masewera, ndipo ku England lero amatanthauza mpikisano wa ana okwera akavalo, chimodzimodzi umene mwana wanga amapambana pa DS yake. Ndinapita naye kumeneko Loweruka lina. Tinaona zithunzi za sitima ndi nkhani ya Vipya imene inamira mu 1946 ndi anthu 145. Potuluka tinaima pamlatho, umenenso unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan kumene kunachokera kachipangizo kake, ndipo ndinamufotokozera za machila ndi za phewa la agogo a agogo ake.

Anakhala chete kanthawi. Kenako anati: "Ndiye amayi, iwo aja ankawapesa ndi kuwadyetsa ngati mmene ndimachitira ine?" Sindinamuyankhe. Inu mukanayankha chiyani?

Masiku ano zinthu zinasintha. Tchire linatha, kashembe anatsalira makamaka m'malo osungira nyama ngati Liwonde, Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza, ndipo kuli mankhwala ndi katemera wa ziweto. Ku Kande, m'boma la Nkhata Bay, alendo amalipira kukwera akavalo mpaka kulowa nawo m'nyanja. Koma kunyamula anthu ndi mphamvu ya thupi sikunathe. M'mawa uliwonse belo langa limafika pamsika pa njinga ya kabaza, ine ndili pa ina kumbuyo, mnyamata akupalasa thukuta lili kamukamu, ndipo ndikatsika ndimayamba kunenerera mtengo ngati kuti miyendo yake ndi yaulere. Kusiyana kulipo, n'zoona: iye njinga ndi yake kapena ya bwana wake, ndipo akafuna kukana amakana. Komabe kuyambira tsiku la pamlatho lija ndinasiya kunenerera, ndipo ndinamufunsa dzina lake, patatha zaka ziwiri akundinyamula.

DS ija sindinagulitse, ngakhale mayi wina wa ku lodge anafuna kundipatsa ndalama yabwino. Batire yake yayamba kufooka, ikumatha msanga, ndipo ndikudziwa kuti tsiku lina kavalo wofiirira uja sadzadzukanso. Mwana akuti akadzakula adzapita ku Kande kukakwera weniweni. Ndamuuza kuti tidzapitira limodzi, koma ayambe wakhoza mayeso.

Pempho langa kwa inu ndi limodzi. Ngati kwanu kukadali agogo amene anamva za machila kapena za utengatenga kuchokera kwa makolo awo, musachedwe, akhazikeni pansi sabata ino muwafunse, mulembe, mutigawireko. Anga anapita ndisanawafunse dzina la malo amene bambo awo anakatula katundu.

Mulungu akalola tionana sabata yamawa.