Wayilesi ya Poto ndi Magalasi a VR

M'mwezi wa February 2024 kampani ya Apple ya ku America idayamba kugulitsa magalasi ovala kumaso otchedwa Vision Pro pa mtengo wa madola 3,499, ndalama zimene pa nthawiyo zinali pafupifupi K6 miliyoni. Makampani ena akuluakulu akhala akulonjeza kwa zaka zoposa khumi kuti magalasi a mtundu umenewu ndiwo adzalowe m'malo mwa foni ndi wayilesi ya kanema. Tsono funso la nkhani ya lero ndi ili: kodi chipangizo chimenechi chidzafika m'manja mwa anthu wamba, onga amene amadzaza msika wa ku Old Town mumzinda wa Lilongwe, kapena chidzathera m'nyumba zowerengeka za ku Area 10 ndi Area 43? Za mawa palibe amazidziwa, koma mbiri ya wayilesi m'dziko muno ikuonetsa bwino lomwe chimene chimachititsa kuti chinthu chachilendo chisanduke cha aliyense.

Poyamba nkofunika kulongosola chipangizochi kwa omvera amene sanachionepo. Magalasi a VR, zilembo zimene zimaimira mawu a Chingerezi akuti virtual reality, ndi kabokosi komangirira kumutu ndi lamba, kophimba maso onse awiri. M'kati mwake diso lililonse limaona chithunzi chakechake, chosiyana pang'ono ndi cha diso linzake. Ubongo umaphatikiza zithunzi ziwirizo, motero wovalayo amaona ngati walowa m'kati mwa chithunzi. Akacheukira kumanzere, nacho chithunzi chimatembenuka. Magalasi a AR, kapena kuti augmented reality, satseka maso. Munthu amaonabe msewu kapena chipinda chimene alimo, koma pamwamba pa zimenezo pamaoneka mawu ndi zithunzi zoikidwa ndi kompyuta.

Nzeru imeneyi ndi yakalekale. M'chaka cha 1838 Mngerezi wina, Charles Wheatstone, adaonetsa kuti zithunzi ziwiri zikaikidwa pamaso mwa njira imeneyi zimaoneka ngati chinthu chenicheni chogwirika. Chipangizo chakecho adachitcha stereoscope, ndipo mtundu wina wa chipangizochi udatchuka utaonetsedwa pa chionetsero chachikulu cha ku London mu 1851. Patapita zaka khumi, Oliver Wendell Holmes wa ku America adakonza mtundu wogwira m'manja, wotsika mtengo, ndipo sadaulembetse kuti ukhale wake yekha. Aliyense anali ndi ufulu woupanga. Kaamba ka ichi udalowa m'nyumba zambiri ku Ulaya ndi ku America, kumene anthu ankapatsirana pocheza madzulo, kufikira kanema atabwera nkuulanda malo.

Magalasi olumikizidwa ku kompyuta sadayende ulendo wofewa chotero. Oyamba adapangidwa ndi Ivan Sutherland mu 1968, ndipo zida zake zinkalendewera kudenga la chipinda. Mu 1995 kampani ya Nintendo ya ku Japan idatulutsa Virtual Boy, koma ogula adadandaula za mutu ndi maso, ndipo pofika 1996 idaleka kuwapanga. Google Glass, amene adayamba kugulitsidwa kwa anthu osankhidwa mu 2013 pa madola 1,500, adachotsedwa pa msika wa anthu wamba kumayambiriro kwa 2015. Mu 2014 Facebook idagula kampani ya Oculus pa madola pafupifupi 2 biliyoni, ndipo mu 2021 idasintha dzina lake kukhala Meta posonyeza chikhulupiriro chake pa magalasiwa. Yagulitsa mamiliyoni angapo, makamaka kwa okonda masewero a pakompyuta, koma m'chaka cha 2023 chokha nthambi yake yoona za ntchitoyi idaluza madola 16 biliyoni. Poyerekeza, mafoni amakono ogulitsidwa pa dziko lonse amapitirira 1 biliyoni chaka chilichonse.

Vuto limene makampani amenewa ali nalo lero lidaonekapo kale kuno kwathu, pa nkhani ya wayilesi. Mu 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili m'kati, boma la Northern Rhodesia lidatsegula kanyumba koulutsira mawu ku Lusaka. Nkhondo itatha, nyumbayi idakula nkukhala Central African Broadcasting Station, youlutsira Afirika a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo Chinyanja chinali chimodzi mwa zilankhulo zake. Mawu ankauluka ndithu, koma owamva anali ochepa. Mawayilesi a nthawi imeneyo anali okwera mtengo, ndipo ankafuna magetsi kapena batire lalikulu lofunika kulitchaja kawirikawiri. Boma lidayesa kuika mawayilesi m'maholo a anthu onse ndi m'mabwalo a mafumu, koma njirayi sidapindule kwenikweni. Phokoso linkachuluka, wayilesi ikawonongeka inkakhala nthawi yaitali osakonzedwa, ndipo chinthu chopanda mwini sichisamalika.

Mkulu wa zofalitsa nkhani ku Lusaka, Harry Franklin, adaona kuti chofunika ndi wayilesi imene banja lingathe kugula palokha. Adayendera makampani ambiri ku Mangalande ndipo ambiri adamukana, poganiza kuti Afirika sangagule. Potsiriza idavomera ndi kampani ya Ever Ready, imene ntchito yake yaikulu inali yopanga mabatire, ndipo inkadziwa kuti wogula wayilesi adzabweranso kudzagula batire. Mu 1949 idatuluka wayilesi imene idatchedwa Saucepan Special, ndiko kuti wayilesi ya poto, chifukwa chibokosi chake chinali chozungulira, cha chitsulo chopangira mapoto ophikira. Inali yopakidwa utoto wobiriwira ngati thambo, ndipo mabowo ake adawatseka ndi sefa kuti tizilombo tisalowemo. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire lake paundi imodzi ndi mashilingi 5, ndipo batirelo linkatha maola pafupifupi 300.

Pa nthawi imeneyo Lilongwe yense anali malo amene lero akutchedwa Old Town. Boma la atsamunda lidakhazikitsidwa pamenepo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, ndipo malowa adakula chifukwa cha malonda a fodya mpaka kukhala tauni mu 1947. Padali msika, masitolo a Amwenye, ndi msewu wopita ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi ku Chipata. Mapaundi 5 sinali ndalama yochepa, komabe mphunzitsi, kalaliki wa pa boma, mlimi amene wagulitsa bwino fodya, kapena munthu wobwera kuchokera ku Halale ndi ku Joni ankatha kuisonkhanitsa. Wayilesi ikalowa m'nyumba imodzi, sinkakhala ya nyumba imeneyo yokha. Madzulo ankaiika pakhonde, ndipo oyandikana nawo, ana ndi akulu omwe, ankabwera kudzamvera popanda kulipira kanthu. Wogula anali mmodzi, omvera khumi kapena kuposerapo.

Chimene ankamva chinalinso chawo. Pologalamu yotchuka kwambiri inali Zimene Mwatifunsa, m'mene omvera ankalembera makalata kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale awo akutali. M'dziko limene amuna ambiri anali ku migodi ndi ku mafamu a kunja, moni wotere unali uthenga wakuti munthu akali moyo. Woimba ndi woulutsa mawu Alick Nkhata adatchuka m'maiko onse atatu kaamba ka nyimbo zake zonena za moyo wa m'tauni ndi wa kumudzi. Komabe chikondi cha omvera chidagwedezeka cha m'ma 1952 ndi 1953, pamene atsamunda ankakakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Popeza nyumba youlutsira mawu inali ya boma, mphekesera zidafala zakuti ogwira ntchito kumeneko ankagwirizana ndi anthu opopa magazi, amene ku Northern Rhodesia ankatchedwa banyama. Zonsezi zinali zabodza, koma zidaonetsa kuti anthu asanalandire chipangizo amayamba afunsa kuti mwini wake ndani ndipo akufuna chiyani. Google Glass nayo idakumana ndi funso lomweli, chifukwa inali ndi kamera, ndipo anthu sankamasuka kukhala pafupi ndi munthu amene mwina akuwajambula iwo osadziwa.

Dziko litalandira ufulu mu 1964 padakhazikitsidwa Malawi Broadcasting Corporation, ndipo mu 1968 Chichewa chidakhala chilankhulo cha fuko. M'zaka zomwezo mudafala mawayilesi ang'onoang'ono oyendera mabatire a tochi, ena mwa iwo olumikizidwa konkuno ndi kampani ya Nzeru ku Blantyre. Sewero la Kapalepale, pologalamu ya Zokonda Amayi, malangizo a zaulimi ndi mauthenga achisoni zidachititsa kuti wayilesi ikhale chiwiya cha m'nyumba monga mtondo ndi lichero. Banja linkatha kudzimana zina kuti ligule mabatire, chifukwa kusowa wayilesi kunali kusowa uthenga wa maliro a m'bale.

Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, mzinda udagawika. Kumpoto kudamangidwa Capital Hill, City Centre ndi nyumba zotalikirana za akuluakulu a boma ndi akazembe, pamene Old Town idatsala malo a malonda a anthu wamba. Kuyambira pamenepo chipangizo chatsopano chilichonse chakhala chikuyambira ku ma Area a kumpotoko, ndipo chimayesedwa ngati chingatsike nkuwoloka mlatho wa Lilongwe. Makina oonetsera mavidiyo adayambira m'nyumba za olemera, pakuti dziko lino linalibe nyumba yakeyake youlutsira kanema kufikira Television Malawi itatsegulidwa mu 1999. Anthu wamba adawapeza mwa njira ina, m'timanyumba ta vidiyo pafupi ndi misika, m'mene munthu amalipira kandalama kochepa nkukhala pa benchi pamodzi ndi anzake. Pambuyo pake anyamata aluso adayamba kuika mawu a Chichewa m'mafilimu akunja, ndipo oonera adachuluka.

Foni ya m'manja idadutsa njira yomweyo. Itafika m'zaka za m'ma 1990 inali chizindikiro cha mabwana. Idatsika pamene mafoni otchipa adabwera, pamene mayunitsi adayamba kugulitsidwa pang'onopang'ono monga mchere wa pa tebulo, ndiponso pamene idayamba kunyamula ndalama, Airtel Money mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja opitirira theka anali ndi foni, banja limodzi mwa atatu linali ndi wayilesi, pamene magetsi a ESCOM ankaunikira nyumba 11 zokha pa nyumba 100 zilizonse. Foni idapambana ngakhale magetsi anali osowa, chifukwa batire lake limakhalitsa ndipo limatchajidwa pa sola kapena pa golosale.

Magalasi a VR akaikidwa pa sikelo imeneyi amapezeka opepuka. Ngakhale otsika mtengo a Meta, amene mu 2020 ankagulitsidwa madola 299, ndi ndalama zambiri kwa mlimi kapena wogulitsa mumsika. Batire lake limatha pakangopita maola awiri kapena atatu, ndipo zambiri zoonera zimafuna intaneti yamphamvu. Zimene zilimo pafupifupi zonse nzachilendo, m'zilankhulo zachilendo. Koma chopinga chachikulu chili m'kapangidwe kake. Wayilesi imamveka kwa onse amene ali pabwalo, ndipo mayi amatha kumvera uku akusinja kapena akuphika. Foni imabwerekedwa, ndipo anthu anayi amatha kuonera mpira pa foni imodzi. Magalasi a VR amatenga munthu mmodzi, namutseka maso, namuchotsa pakati pa anzake. Wovalayo sangayang'anire mwana, sangaone katundu wake pa msika, sangalandire mlendo. Magalasi a AR, popeza satseka maso, ali ndi mwayi woposa, koma nawonso ayenera kuyamba asonyeza ntchito imene foni ya m'thumba singathe kuigwira.

Izi sizitanthauza kuti chipangizochi nchachabe. Akuluakulu adati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ku Lusaka komwe kuja kudachokera wayilesi ya poto, madokotala pamodzi ndi anzawo a ku America adagwiritsa ntchito magalasi a Oculus pophunzitsa madokotala achinyamata opaleshoni ya khansa ya khomo la chiberekero, ndipo adafalitsa zotsatira zake mu 2019. Wophunzira amatha kubwereza opaleshoni kambirimbiri asanakhudze wodwala weniweni. Matenda amenewa amapha amayi ambiri m'Malawi, ndipo madokotala a opaleshoni ndi ochepa. Pa ntchito yotere, magalasi amodzi amathandiza ophunzira ambiri mosinthana, ndipo phindu lake limafika kwa mayi wa kumudzi amene sadzawavala nkomwe.

Motero mbiri ikuloza njira ziwiri zimene magalasiwa angalowere m'dziko muno. Yoyamba ndi ya zipatala, masukulu a ukachenjede ndi malo ophunzitsira ntchito zamanja, kumene bungwe limagula ndipo ambiri amagwiritsa ntchito. Yachiwiri ndi ya timanyumba ta vidiyo, kumene mwini wake angalipiritse kandalama kuti munthu avale kwa mphindi zingapo. Kuti afike pokhala katundu wa banja lililonse, pafunika wina amene adzachite zimene Franklin ndi Ever Ready adachita mu 1949: kufunsa kaye kuti banja wamba lili ndi ndalama zingati, limatchaja bwanji, limalankhula chilankhulo chanji ndipo limafuna kumva za yani, kenaka nkupanga chipangizo choyenerana ndi mayankhowo.

Omvera amene akufuna kudziwa ngati tsikulo lafika asavutike ndi zolengeza za makampani a kunja. Chizindikiro chake chidzaoneka ku Old Town, pa matebulo a anyamata okonza mafoni m'mbali mwa msewu wa Malangalanga. Amisiri amenewa saphunzira kukonza chinthu chimene anthu alibe. Tsiku limene mmodzi wa iwo adzakhale atatsegula magalasi a VR pa tebulo lake, mwini wake akudikira pambali ndi kunenerera mtengo, chipangizocho chidzakhala chitawoloka mlatho wa Lilongwe.