Tsiku la ambuya athu: linacokera kuti?

Pa Sondo yacinai ya mwezi wa July, Mpingo wa Katolika pa dziko lonse umakumbukira ambuya ndi okalamba onse. Ambiri a ife timangomva cilengezo Misa ikatha, n'kuiwala tisanafike pa geti. Koma tsikuli lili ndi mbiri, ndipo ife tilimo.

Analikhazikitsa ndi Papa Francis pa 31 January 2021, nthawi imene Covid-19 inali kupha okalamba ambiri, ena ali okhaokha m'zipatala popanda wacibale wowagwira dzanja. Linacitika koyamba pa 25 July caka comweco. Papa analiika pafupi ndi 26 July, tsiku la Anna ndi Yoakimu Oyera, makolo a Maria, amene ndi ambuya ake a Yesu. Maina awo mulibe m'Baibulo. Amacokera m'buku lakale la zaka za m'ma 100, lochedwa Protoevangelium of James. Koma m'Baibulo muli gogo wina wochulidwa dzina: pa 2 Timoteyo 1:5, Paulo akumbutsa Timoteyo kuti cikhulupiriro cake cinayambira mwa ambuya ake, a Loisi.

Papa Francis nayenso anali ndi a Loisi ake. Anabadwira ku Buenos Aires mu 1936, m'banja locokera ku Italy. Kambiri anali kukamba kuti ambuya ake a Rosa ndiwo anamuphunzitsa kupemphera, ndipo mau amene iwo analembera adzukulu anawasunga m'buku lake la mapemphero.

Kuno kwathu nkhaniyi si yacilendo. Ansembe a White Fathers anamanga misoni yawo yoyamba ku Mambwe Mwela, kufupi ndi Mbala, mu 1891. Ajezuiti anatsegula Chikuni mu 1905. Koma ansembe anali ocepa, midzi ili kutalikutali. Mudzi unali kukhala miyezi osaona Misa. Amene anasunga mapemphero masiku onsewo anali akatekisiti ndi akuluakulu a pamudzi.

Kenaka anyamata anayamba kupita ku migodi ya ku Copperbelt ndi ku Southern Rhodesia kukafuna nchito. Ena anatenga akazi awo, ana n'kutsala kumudzi. Mwana anaphunzira cizindikiro ca mtanda pamphasa ya ambuya, ndipo anagona akumva korona.

Mayeso aakulu anabwera m'zaka za m'ma 1990, pamene AIDS inatenga makolo ambiri, mankhwala a ma ARV asanafike kwa anthu wamba. Nkhalamba zoyenera kupuma zinayambanso kulera. M'makomboni monga Chawama, Kanyama ndi Matero, azimai okalamba anagulitsa tomato ndi malasha kuti adzukulu adye ndi kupita kusukulu. Ndi iwonso amene anawadzutsa m'mawa pa Sondo, kuwalembetsa katekisimu ndi kuwaperekeza ku ubatizo. Ambiri a ife, kapena akulu athu, tinakulira m'manja amenewo. Mukaona azimai a gulu la Anna Woyera pachalichi, dziwani kuti ena mwa iwo analera kawiri.

Nanga tikuwabwezera ciani? Gogo akayamba kuiwala maina kapena kusocera njira, ena amathamangira kunena kuti ndi mfiti, pamene nthawi zambiri ndi matenda a ukalamba ofunika cipatala. Ena timangotumiza kandalama pafoni, miyezi n'kupita osamva mau awo. Amene miyendo yawo yafooka amatsala pakhomo pa Sondo, cifukwa palibe wowaperekeza.

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, anatero makolo. Koma dambo nalonso limauma. Tisayembekezere July. Tiwafunse kumene anabatizidwira, wansembe amene anawakwatitsa, ndi mtunda umene anali kuyenda kuti akamve Misa. Tilembe, kapena tijambule mau awo pafoni. Ngati sangathe kuyenda, tiuze a mphakati kuti aziwabweretsera Ukaristia kunyumba. Zimene adziwa sizinalembedwe m'kaundula wa parishi iliyonse, ndipo tikacedwa tidzazikwirira nawo pamodzi.