Michigan ya 1901 ndi Mpira wa Zigogodo

Mpira wa ku America, uja wothamanga nawo m'manja uku mukugundana mapewa, unakulira m'mayunivesite. Masewero amene amawerengedwa kuti ndi oyamba anachitika pa 6 Novembala 1869, pamene Rutgers inagonjetsa Princeton 6-4, ndipo tsikulo mpira ankaumenya ndi miyendo. Amene anaupatula pa mipira ina ndi Walter Camp wa ku Yale. Mu 1880 iye anabweretsa lamulo loti matimu aziima m'mizere iwiri moyang'anizana, ndipo mu 1882 panabwera lina loti timu ikayesa katatu osasuntha mayadi 5, izipereka mpira kwa anzawo. Kuponya mpira kutsogolo kunali koletsedwa, choncho nzeru inali imodzi: unjikanani, kankhani.

Kwa zaka zambiri ufumu unali wa Yale, Harvard ndi Princeton, kum'mawa kwa dzikolo. Kenako mu 1901 yunivesite ya Michigan inalemba mphunzitsi Fielding Yost, munthu wosafuna kuona osewera ake akupuma. Mpira ukangoima, anyamata ake anali atafola kale, adani asanapezenso mpweya. Nyengo imeneyo Michigan inasewera kokwana ka 11, inapambana konse, inapeza mapointi 550 osagoletsedwa ngakhale imodzi. Buffalo yokha inalandira 128-0. Dziwani kuti nthawi imeneyo kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo kunkapatsa mapointi 5 okha, osati 6 ngati lero. Willie Heston, amene Yost anamukopa kuchokera ku California, ndiye ankaboola mizere ngati nkhunzi yolusa.

Nyengoyo inathera ku Pasadena pa 1 Januwale 1902, pa masewero amene pambuyo pake anadzatchedwa Rose Bowl yoyamba. Adani anali Stanford, timu imene Yost yemweyo anaiphunzitsa chaka cha 1900. Zinthu zitafika pa 49-0, a Stanford anapempha kuti masewero athe nthawi isanakwane. Okonza chikondwerero chimene masewerowa anali mbali yake anagwa mphwayi, moti anausiya mpira n'kuyamba mipikisano ina, kuphatikizapo ya ngolo zokokedwa ndi akavalo. Mpira unadzabwererako mu 1916.

Michigan inapitiriza kusagonja mpaka masewero 56. Pa 30 Novembala 1905 Chicago ya mphunzitsi Amos Alonzo Stagg inaigwetsa ndi 2-0 chabe. Koma chimene chinathetsa nyengo ya Yost si Chicago ayi; ndi maliro. M'chaka chomwecho manyuzipepala anawerenga osewera osachepera 18 amene anafa ndi mpirawu, ena mwa iwo ana a sekondale. Pulezidenti Theodore Roosevelt, yemwe ankaukonda mpirawo, anali ataitanitsa kale akuluakulu a Harvard, Yale ndi Princeton ku White House mu Okutobala. Mu 1906 malamulo anasintha: mayadi anakwera kufika pa 10, kuponya mpira kutsogolo kunaloledwa, ndipo panakhazikitsidwa bungwe limene mu 1910 linatenga dzina la NCAA.

Aphunzitsi ambiri anayamba ndi kuunyoza mpira woponyawo. Anauona phindu msanga anali masukulu opanda zimphona zokankha, monga Carlisle, sukulu ya Amwenye a ku America ya mphunzitsi Pop Warner ndi wosewera Jim Thorpe. Mu 1913 Notre Dame, yomwe sinali yodziwika kwenikweni kum'mawa, inachita manyazi Army 35-13, Gus Dorais akuponya, Knute Rockne akuwakha.

Kwa ine, mapointi 550 aja ndi umboni wa luso la Yost komanso wa kupendekeka kwa malamulo akale, amene ankalola wamphamvu kupondereza wofooka mpaka kumapeto. Yost mwiniwake sanatsalire m'mbuyo. Anaphunzira mpira watsopanowo, anapambananso nawo m'ma 1920, ndipo ndiye anatsogolera ntchito yomanga Michigan Stadium ku Ann Arbor, imene inatsegulidwa mu 1927 ndipo lero imalowa anthu oposa 100,000.