Mmene uinjiniya unalowera m'kalasi

Anthu anayamba kumanga zinthu zikuluzikulu sukulu ya mainjiniya isanaganiziridwe n'komwe. Imhotep anamangitsa piramidi ya ku Saqqara zaka zoposa 4,600 zapitazo. Aroma anakoka madzi m'ngalande zoyenda pamwamba pa zipilala mpaka kuwafikitsa m'mizinda yawo. Amisiri a ku Great Zimbabwe anasanja miyala ya malinga awo popanda matope oigwirizitsa, ndipo malingawo alipobe mpaka lero. Onsewa luso ankalitenga pantchito: mnyamata ankayamba ndi kunyamulira mmisiri zida, n'kumaonerera, mpaka tsiku lina n'kupatsidwa mwala wake woti aseme. Mayunivesite akale a ku Bologna, Paris ndi Oxford ankaphunzitsa za Mulungu, malamulo ndi zachipatala, ndipo ntchito yodetsa manja ankaiona ngati yosayenera munthu wophunzira. Mmisiri ankadziwa kunenepa kwa khoma chifukwa choti amene anam'phunzitsa ankamanga choncho. Akapyola pa zimene anazolowera ankangoyerekeza, ndipo nthawi zina zinkagwa, monga linachitira denga la tchalitchi chachikulu cha ku Beauvais mu 1284.

Ambiri tikamva za mainjiniya akale timathamangira ku Britain, kwawo kwa njanji ndi mafakitale. Ine ndimati sukulu ya uinjiniya inabadwira ku France, ndipo chinaibala ndi boma lofuna misewu ndi malinga a nkhondo. Mu 1716 boma la dzikolo linakhazikitsa gulu la mainjiniya a boma oyang'anira milatho ndi misewu, ndipo mu 1747 Jean-Rodolphe Perronet anapatsidwa udindo wophunzitsa anyamata odzalowa m'gululo. Apa ndi pamene inayambira École des Ponts et Chaussées, imene Perronet anaitsogolera mpaka imfa yake mu 1794. Inali sukulu yodabwitsa. Inalibe aphunzitsi okhazikika: ophunzira amene masamu ankawayendera bwino ndi amene ankaphunzitsa anzawo. Nyengo yotentha ikafika, anyamatawo ankatumizidwa kumene boma linkamanga msewu kapena mlatho kuti akagwire ntchito pansi pa injiniya wamkulu, ndipo pobwerera ankapikisana kujambula mapulani. Atachimenti imene ophunzira athu amaisakasaka masiku ano mizu yake ili kumeneko.

Kuti muone chimene kuwerengera kunasintha, taonani mlatho wa ku Neuilly, pa mtsinje wa Seine. Amisiri akale ankamanga zipilala za mlatho zonenepa kwambiri, poopa kuti uta wa miyala wokhala pamwamba ungazikankhire kumbali. Zipilala zoterezo zinkatseka njira ya madzi, madziwo n'kumathamanga ndi kukokolola maziko. Perronet anaona kuti mauta awiri oyandikana amakankhana mofanana, kotero chipilala cha pakati pawo ntchito yake n'kungosenza kulemera, ndipo mphamvu yokankhira kumbali imakathera kumagombe. Anachepetsa kunenepa kwa zipilala ndi pafupifupi theka, n'kumanga mauta asanu, uliwonse wotalika mamita 39. Koma panali lamulo limodzi: mauta onse amangidwe pamodzi, ndipo mitengo yowachirikiza ichotsedwe pamodzi. Mu Seputembala 1772 mitengoyo inagwetsedwa m'madzi mfumu Louis XV ikuonerera, ndipo mlatho unaima. Chimene chinauimitsa si chizolowezi cha makolo ayi, koma mfundo imene munthu akhoza kuilemba pabolodi, wina n'kuitsutsa kapena kuivomereza.

Munthu wachiwiri pa nkhaniyi ndi Gaspard Monge, mwana wa wamalonda wamba wa ku Beaune. Pa sukulu ya mainjiniya a nkhondo ku Mézières, imene inatsegulidwa mu 1748, Monge sakanaloledwa kukhala ofisala chifukwa cha kumene anabadwira, choncho anamuika m'chipinda chojambulira. Ukaipa dziwa nyimbo. Tsiku lina anapatsidwa ntchito yowerengera kutalika kwa makoma a linga, kuti mdani wokhala paphiri asaone kapena kuombera za m'kati. Ntchitoyi inkadya nthawi yaitali ya masamu otopetsa, koma iye anaimaliza msanga pongojambula, moti akuluakulu poyamba anakayikira yankho lake. Atalitsimikiza, njirayo anaisunga ngati chinsinsi cha asilikali kwa zaka zambiri. Njira yake ndi imene wophunzira aliyense wa chaka choyamba amatuluka nayo thukuta lero: kuonetsa chinthu papepala monga chikuonekera kuchokera pamwamba, kutsogolo ndi m'mbali, mwakuti mmisiri amene sanakuonenipo akhoza kuchipanga osalakwitsa muyeso.

Chinsinsichi chinatuluka poyera mu 1794. Dziko la France linali litagwetsa ufumu, lili pankhondo ndi mayiko oyandikana nalo, maofisala ambiri atathawa. Monge ndi anzake anatsegula sukulu imene chaka chotsatira inatchedwa École Polytechnique. Zinthu ziwiri zimene anachita ndi zimene ndimati zinasintha dziko. Choyamba, polowera panali mayeso, ndipo dzina la bambo ako linalibe ntchito. Chachiwiri, ophunzira onse ankayamba ndi masamu, fizikisi, kemisitiri ndi kujambula, pansi pa akatswiri ngati Joseph-Louis Lagrange, kenako n'kumagawikana: ena kumilatho, ena kumigodi, ena kumizinga. Dongosolo la digiri ya uinjiniya lero, sayansi poyamba ndipo nthambi pambuyo, ndi lomweli.

Sikuti masamu sanaphonyepo. Claude-Louis Navier, amene anaika m'dongosolo kawerengedwe ka kupindika kwa mitanda, anamanga mlatho wolendewera pa zingwe zachitsulo mumzinda wa Paris, koma mu 1826 maziko ogwira zingwezo anasuntha, ndipo mlathowo unaphwasulidwa usanatsegulidwe. Onyoza sukulu anapeza ponenera. Ndipo kutsidya kwa nyanja anali ndi umboni wawo. James Brindley, wa ngalande ya Bridgewater ya 1761, kulemba kunkamuvuta. Thomas Telford anayamba ngati wosema miyala. George Stephenson anaphunzira kuwerenga ali ndi zaka 18. Ku Britain, kholo linkalipira injiniya wodziwika kuti mwana akhale naye muofesi ndi pamalo antchito kwa zaka zingapo, basi. Bungwe la Institution of Civil Engineers, la mu 1818, linkalandira munthu poona ntchito zake, ndipo mayeso linadzawayambitsa mu 1897. Pamene yunivesite ya Glasgow inalandira pulofesa woyamba wa uinjiniya, Lewis Gordon, mu 1840, mapulofesa anzake anamulandira ndi nkhope zakugwa, poona ngati akuwalanda maphunziro awo.

Amene ndimamupatsa ulemu waukulu kumbali imeneyo si Stephenson, ngakhale ndiye wotchuka, koma William Rankine, amene analowa m'malo mwa Gordon mu 1855. Rankine anali atagwirapo ntchito ya njanji ndi ya madzi, ndipo anaphunzitsa kuti injiniya ali ndi funso lakelake. Wasayansi amafuna kudziwa choona ndipo akhoza kudikira. Injiniya ayenera kusankha chochita lero, ndi zipangizo zimene zilipo, ngakhale zina sizikudziwika bwino. N'chifukwa chake amasiya mpata wa chitetezo, kupanga chinthu cholimba kangapo kuposa katundu amene chidzasenze. Mabuku ake, kuyambira la 1858, anaphunzitsa mibadwo ingapo. Mayiko ena anatengera njira ya France n'kuiwonjezera zawo. America inayamba ndi sukulu za West Point ndi Rensselaer, kenako lamulo la Morrill la 1862 linachulukitsa makoleji a ulimi ndi zamakina. Germany inawonjezera malabotale, ndipo mu 1899 sukulu zake zaluso za ku Prussia zinaloledwa kupereka digiri ya udokotala.

Mbali yotsala, ya udindo, anaiphunzitsa ndi maliro. Pa 28 Disembala 1879 mlatho wa pa Tay ku Scotland unagwa ndi mphepo yamkuntho sitima ili pamwamba, ndipo palibe anapulumuka. Kafukufuku anapeza kuti mphamvu ya mphepo sinawerengedwe mokwanira. Mu 1907 mlatho wa ku Quebec unagwa ukumangidwa, n'kupha anthu 75. Pulani inali itatalikitsidwa koma kulemera kwa zitsulo osakuwerengeranso bwino. Lero m'mayiko ambiri digiri payokha sikupatsa munthu mphamvu yosaina mapulani: amayamba wagwira ntchito zaka zingapo pansi pa injiniya wovomerezeka, kenako n'kulembetsedwa ndi bungwe loyang'anira ntchitoyi. Njira ya France ndi ya Britain zinakumana pamenepo.

Kwathu kuno mbiriyi inafika mozondoka. Sukulu ya Robert Laws ku Khondowe, kuyambira 1894, inatulutsa akalipentala, omanga nyumba, osindikiza mabuku ndi odziwa za telegalafu, amisiri enieni amene ankafunidwa mpaka kumayiko oyandikana nafe. Koma mapulani ankachokera kunja. Njanji itafika ku Blantyre mu 1908, ndiponso mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa pa Zambezi mu 1935, manja ambiri anali a anthu akuda, masamu ndi siginecha zinali za azungu. Mpata wophunzira kuwerengerako unatseguka titalandira ufulu, pamene Polytechnic inayamba ku Blantyre mu 1965 ndi thandizo la boma la America. Poyamba inkapereka masatifiketi ndi madipuloma, digiri n'kubwera pambuyo. Mu 2021 inaima payokha ngati yunivesite ya MUBAS, pomwe yunivesite ya MUST ya ku Thyolo, imene inalandira ophunzira oyamba mu 2014, inabweretsa nthambi zina monga uinjiniya wa zitsulo ndi wa zipangizo zachipatala.

Mayeso a mainjiniya athu tsopano akuchokera kumitsinje. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo magetsi anavuta kwa chaka ndi miyezi. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anakokolola milatho ndi misewu m'chigawo cha kummwera. Injiniya amene adzamangenso zimenezi afunika kudziwa kuwerengera madzi osefukira a m'khwawa limene mitengo yake inatha kudulidwa, kuyeza dothi la pamalopo m'malo mokopera ziwerengero za m'buku la kunja, ndi kukana kusaina kontirakitala akachepetsa simenti mukonkire. Ziwiri zoyambazo zimaphunzitsidwa m'kalasi ndi mulabotale, ndipo zimafuna zipangizo zimene boma liyenera kugula. Chachitatucho wophunzira amachitenga poona wamkulu wake akukana, ndiye makampani ndi maofesi a boma asaone ana a atachimenti ngati otumidwa kukagula mandasi. Perronet ankatumiza anyamata ake kukagwira ntchito yeniyeni chaka ndi chaka, ndipo ifenso tingathe kutero pa mlatho uliwonse umene ukumangidwa ndi ndalama za misonkho yathu.