Atolankhani amafika chikho chitabwera kale: mbiri ya atsikana ndi mpira

Loweruka masana ku Mchengautuwa, mumzinda wa Mzuzu, sufunika kufunsa kuti lero kuli mpira wanji. Pakhomo pa nyumba zoonetsera kanema amakhala atalemba kale ndi choko: Arsenal, Chelsea, Manchester United. M'maokala wailesi zimasokosa ndi ligi yaikulu ya mpira wamiyendo, makamaka Moyale Barracks ikakhala pa Mzuzu Stadium. Ku mabwalo a ku Katoto, komwe si kutali, atsikana amasewera basiketibolo ndi ntchemberembaye, koma amene wapambana amadziwika ndi okhawo amene anaima m'mbali mwa bwalo. Zimenezi zinayamba kalekale, ndipo zinayambira kutali.

Basiketibolo anaiyambitsa James Naismith mu 1891 ku Springfield, m'dziko la America, kuti anyamata azipeza chochita m'nyumba nyengo yachisanu. Chaka chotsatira, mphunzitsi wina wamkazi, Senda Berenson wa ku Smith College, anaitengera kwa atsikana ake, koma anayamba waifewetsa. Bwalo analigawa patatu, wosewera aliyense n'kumakhala m'chigawo chake, ndipo kulanda mpira m'manja mwa mnzako kunaletsedwa. Anthu a nthawiyo ankati kuthamanga ndi kulimbana si za mkazi. Pa masewero otchuka a pasukulupo a mu 1893, amuna sanaloledwe kulowa kuti aonere. Kuyambira pachiyambi pomwe, mpira wa akazi unali wa kuseri kwa chitseko.

Mpira wofewetsedwawo utawoloka nyanja kufika ku England, m'makoleji ophunzitsa aphunzitsi aakazi anausinthanso, ndipo mu 1901 malamulo ake oyamba anasindikizidwa. Uyu ndiye ntchemberembaye. Sukulu za nthawi ya atsamunda ndi za mishoni zinamufalitsa mpaka kuno ku Nyasaland, ndipo anakhazikika ngati gawo la mtsikana: mnyamata ku bwalo lalikulu la mpira wamiyendo, mtsikana ku kabwalo ka kumbali, kafumbi, ka mitengo iwiri yokhala ndi mikombero ya waya. Mpaka lero sukulu zambiri za pulayimale n'zoyalidwa choncho. Basiketibolo yeniyeni inatsalira m'masekondale ndi m'makoleji ochepa okhala ndi bwalo la simenti, ndipo ambiri oisewera anali anyamata. Ngakhale kunja zinali chimodzimodzi: ku masewero a Olympics amuna anayamba kuisewera mu 1936, akazi anadikira mpaka 1976.

Kwa zaka 30 za ulamuliro wa chipani chimodzi, dziko lino linali ndi wailesi imodzi, ya MBC, ndipo kanema wa dziko anadzabwera mu 1999. Mpata wa zamasewero unali wochepa, ndipo unkapita kwa Bullets, Wanderers, Silver ndi Flames. Mbadwo wonse unakula ukudziwa pamtima maina a Kinnah Phiri, Ernest Mtawali ndi Lawrence Waya chifukwa unkawamva sabata ndi sabata. M'zaka zomwezo lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi kuvala thalauza kapena siketi yaifupi pagulu. M'dziko lotero, mtsikana wa kabudula wothamanga pabwalo ankaoneka ngati wosalangika.

Amene anatsegula chitseko ndi ma Queens, timu ya dziko ya ntchemberembaye, ndipo anachitsegula ndi zipambano. Mu 2006 anathera pa nambala 6 ku Commonwealth Games ku Melbourne. Mu 2007 anathera pa nambala 5 pa mpikisano wa dziko lonse ku Auckland, ndipo mu 2010 pa nambala 5 ku Commonwealth Games ku Delhi. Dzina la Mary Waya ndi la mphunzitsi Griffin Saenda linayamba kumveka m'makomo. Mu 2016 ma Queens anabwera ndi mendulo ya nambala 3 ya Fast5, ndipo mu 2018 ku Gold Coast anagonjetsa New Zealand ndi mabasiketi 57 kwa 53, zomwe dziko lonse la ntchemberembaye linaduka nazo mutu. Flames, pa mbiri yake yonse, yafika ku ndime zomaliza za chikho cha Africa katatu kokha: mu 1984, mu 2010 ndi pa mpikisano wa 2021. Sindikunyoza anyamatawa ayi; chigoli cha Gabadinho Mhango pomenyana ndi Morocco tonse tinachivinira. Koma Flames imalembedwa ikapambana, ikagonja, ikakhala ku kampu, ngakhale mphunzitsi akangodwala chimfine. Ma Queens ankalembedwa akamanyamuka ndi pobwera, ndipo nthawi zambiri nkhani inali ya ndalama zosowa za ulendo. Zaka zonsezo ankakonzekera pa bwalo la pamtetete la Blantyre Youth Centre, kukapikisana ndi matimu ozolowera mabwalo a m'nyumba.

Chigawo cha kumpoto chili ndi chifukwa chake chodandaulira, pakuti ambiri mwa akatswiri aakaziwa ndi ana ake. Mwai Kumwenda anakulira m'boma la Mzimba. Anthu a ku Australia anamuona mu 2009 pa mpikisano wa achinyamata ku Cook Islands, ndipo mu 2015 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa chikho cha dziko lonse ku Sydney. Mu 2020 anatenga ligi ya ku Australia ndi timu ya Melbourne Vixens. Ku mpira wamiyendo kuli Tabitha ndi Temwa Chawinga, omwe kwawo ndi ku Rumphi. Tabitha anamwetsa zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligi ya ku Italy ali ku Inter Milan, kenako anachitanso chimodzimodzi ku France ali ku Paris Saint-Germain. Temwa anathandiza ma Scorchers, timu ya dziko ya akazi, kutenga chikho cha COSAFA mu 2023, ndipo mu 2024 anamwetsa zigoli 20 ku Kansas City Current, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi yonse ya ku America. Lero zithunzi zawo zimakhala patsamba loyamba, ndipo n'zoyenera. Chondiwawa n'chakuti tinawaika pamenepo alendo atatiuza kale kuti ndi akatswiri. Zaka zimene ankasewera pa mabwalo athu, opanda nsapato zoyenera, cholembera chinali kwina.

Akonzi a nkhani ali ndi yankho lawo lakale: timalemba zimene anthu akufuna. Ku America yankho lomweli linagwira ntchito zaka zambiri. Ligi ya akazi ya WNBA inayamba mu 1997, patapita zaka pafupifupi 50 chiyambire ya amuna. Cheryl Cooky ndi Michael Messner, pa kafukufuku wowerengera nkhani zamasewero za pa kanema amene anayamba mu 1989, anapeza kuti mu 2019 masewero onse a akazi ankangopatsidwa pafupifupi mphindi 5 pa mphindi 100 zilizonse. Koma makampani a kanema atayamba kuonetsa basiketibolo ya atsikana a m'makoleji pa nthawi yabwino, n'kumatchula maina ngati Caitlin Clark tsiku ndi tsiku, zinthu zinatembenuka. Mu 2024 masewero otsiriza a akazi, a South Carolina ndi Iowa, anaoneredwa ndi anthu oposa 18 miliyoni, pomwe a amuna sanafike 15 miliyoni. Munthu salakalaka ndiwo imene sanailawepo.

Kuno kwathu basiketibolo yonse, ya amuna yomwe, imakhala kumapeto kwa nkhani zamasewero, ndipo ya akazi ili kumapeto kwa mapetowo. Ligi ya Basketball Africa League, imene inayamba mu 2021 ku Kigali, ndi ya amuna, ndipo timu ya Bravehearts ya ku Lilongwe ikapita kukalimbirana malo mu ligiyo nkhani imamveka ndithu. Kalabu yomweyo ili ndi timu ya atsikana. Mipikisano ya m'zigawo ya bungwe la basiketibolo la Basmal, kuphatikizapo ya kumpoto, nayo imakhala ndi mbali ya akazi, koma kawirikawiri lipoti limafotokoza za amuna mwatsatanetsatane, za akazi n'kungoti timu yakuti inagonjetsa yakuti.

Zaka zino mpata suli wochepa ngati kale. Mzuzu ili ndi wailesi zakezake monga Radio Tigabane ndi Voice of Livingstonia, zimene zimamveka bwino ku Mchengautuwa, ndipo nyuzipepala zikuluzikulu zili ndi atolankhani mumzindawu. Chofunika kuti mtsikana wosewera ku Katoto adziwike si galimoto ya kanema ayi. Ndi mlembi wa ligi wotumiza zotsatira pa foni Lamlungu madzulo, maina a osewera ndi mapointi awo, ndi mkonzi wovomera kuziwerenga sabata iliyonse, timu ipambane kaya igonje.