Uzimba m'Mapiri a Dedza: Moto, Nyama ndi Mwini Dziko

Mphepo ya chisanu ikaleka kuwomba, udzu utauma ndipo nkhokwe zitadzaza, makolo athu a m'mapiri ano ankayamba kunola mikondo. Nyengo imeneyo, imene ife lero timaiwerenga kuyambira mu Ogasiti kufika mu Okutobala, inali ya uzimba. Achinyamata ambiri amene afika pa mwambo uno mawuwa amangowamva m'nthano, ndipo ena amayesa kuti uzimba kunali kungothamangitsana ndi akalulu. Unali msonkhano wa midzi yambiri, wokhala ndi mwini wake, tsiku lake ndi malamulo ake, ndipo milandu yake inkaweruzidwa pabwalo monga milandu ina yonse.

Phiri la Dedza ndi lalitali mamita 2,198, ndipo kuchokera pamwamba pake munthu amaona Chongoni, Domwe wa ku Mozambique, ndi chigwa chotsikira ku Mtakataka. Dziko lonseli lidali la alenje Achewa asadafike. Akafula, amene ena amawatcha Abatwa kapena Amwandionerapati, ankakhala m'mapanga a m'mapiri ano, akudya nyama, uchi ndi zipatso. M'chaka cha 1972 katswiri wofukula zakale, J. Desmond Clark, adakumba m'phanga la Mwana wa Chentcherere napeza timiyala tosongoka tambirimbiri pamodzi ndi mafupa a nyama zam'tchire, zazikulu ndi zazing'ono. Diana Crader adawafufuza mafupawo nalemba buku lonena za alenje a m'phangamo. Zofukulidwazo zidaonetsa kuti anthu osakawa adakhala zaka mazana ambiri moyandikana ndi alimi osula zitsulo. Zojambula zofiira za pa matanthwe a Mphunzi ndi Chentcherere ndi zawo; zoyera, zopaka ndi chala, ndi za Achewa. Malo 127 a zojambulazi ndiwo adachititsa kuti bungwe la UNESCO lilembe Chongoni m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006.

Kwa Mchewa, kusaka kudayamba ndi moto. Nthano ya ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, imati pachiyambi Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere, kufikira tsiku limene munthu adapeka timitengo tiwiri nabutsa moto. Tchire lidapsa. Galu ndi mbuzi zidathawira kwa munthu, koma njovu, mkango ndi zinzake zidathawira kutali zili ndi mkwiyo, ndipo Chauta adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Wansembe wina wofufuza za miyambo yathu, Matthew Schoffeleers, adalemba m'chaka cha 1971 kuti kutentha tchire kwa chaka ndi chaka kunali ngati kubwereza nthano imeneyi, ndipo nchifukwa chake moto wa uzimba sunkayatsidwa ndi munthu wamba. Pa kachisi wa ku Bunda, kutentha phiri unali mwambo wachipembedzo wogwirizana ndi kupempha mvula.

Tchire lililonse linali ndi mwini. Iye ndiye ankaletsa kuti lisatenthedwe msanga, ndipo wolitentha mwakuba ankalipa. Tsiku likayandikira, mwini tchire ankatumiza mithenga ku midzi yozungulira, nakathira nsembe ya ufa kapena mowa patsinde pa mtengo, kutchula mayina a makolo amene adasakapo m'tchiremo. Usiku wotsatana ndi tsiku la uzimba mlenje sankagona pamphasa imodzi ndi mkazi wake. Mkazi naye, mwamuna ali kutchire, ankayenera kudzisunga, pakuti ankakhulupirira kuti kusakhulupirika kwa kumudzi kumaonekera kutchire: njati imapyoza munthu, kapena mkondo wa mnzake umamulasa. Amene akufuna kuseka chikhulupiriro chimenechi aseke, koma aganize kuti anthu mazana atanyamula mikondo m'kati mwa utsi, choyenera kuopedwa kwambiri chinali chidani chimene munthu wachoka nacho kumudzi. Mwambowo unkakakamiza mudzi kukonza mitima usadalowe m'tchire.

M'mamawa anthu ankagawidwa. Ena ankatchera maukonde a luzi m'mipata ya mapiri, momwe nyama zimakonda kudutsa; ena, okhala ndi mauta ndi mikondo, ankabisala kuseri kwa maukondewo; anyamata ndi agalu ankazungulira mbali ina. Moto unkayatsidwa motsata mphepo, ndipo wodziwa mphepo ya m'mapiri ano, imene imatembenuka dzuwa likafika pamutu, ankalemekezedwa kuposa wodziwa kuponya. Zikadzambatuka mbawala, agwape, mphoyo ndi nguluwe, phokoso lake linkamveka midzi itatu. Ntchefu, ngoma ndi mphalapala zinali nyama za amuna okhwima. Kumatanthwe kunali chinkhoma ndi mbira, zimene moto sunkazifikira, ndipo izo zinkafuna mlenje wopirira woyenda yekha ndi galu wake wamkota, uja sakandira pachabe.

Malamulo ankaonekera bwino pogawa nyama. Nyama inali ya amene wayamba kuilasa, ngakhale bala lake likhale laling'ono, ndipo wotsiriza kuipha ankalandira mwendo. Mikondo ndi mivi inali ndi zizindikiro kuti pasakhale kukangana, komabe mikangano inkabuka, ndipo ina inkatha masiku pabwalo. Mwini dziko ankalandira gawo lake pa nyama iliyonse yaikulu. Nkhalamba, amasiye ndi odwala amene sadapite kutchire sankagona osalawa msuzi. Yotsala inkadulidwa mizongo ndi kuwambidwa pamoto kuti ifike nthawi yolima. Wopha nyama yaikulu monga ntchefu ankayeneranso kusamba mankhwala, kuopa chirope, misala imene amati magazi a nyama yophedwa amagwetsa pa munthu wosadziteteza. M'maganizo a makolo, kukhetsa magazi a nyama yotere kunali ngongole, ndipo mlenje sankabwerera kumudzi ngati munthu wochokera kumunda.

Kunja kwa uzimba kunali kutchera, ntchito yachete ya munthu mmodzi kapena banja limodzi. Mbuna linali dzenje lakuya, lopapatiza pansi, lokumbidwa pa mkwaso wa nyama ndi kuphimbidwa ndi timitengo, udzu ndi dothi. Nthawi zina ankazika zisonga pansi pake. Ena ankamanga mpanda wautali wa nthambi nasiya mipata, ndipo pa mpata uliwonse pankakhala mbuna kapena msampha wa chingwe womangidwa ku mtengo wowerama. Diwa, mwala wophwatalala wochirikizidwa ndi kamtengo, linali sukulu ya anyamata: amene wadziwa kutchera diwa la mbewa ndi nkhwali ndiye ankaloledwa kutsata akulu. Misampha yambiri inali yoteteza minda, chifukwa nguluwe imodzi imatha kugwetsa chimanga cha banja lonse usiku umodzi. Wokumba mbuna ankayenera kudziwitsa mudzi, ndipo munthu kapena mbuzi ikagweramo iye osanena, mlandu unali wake.

Njovu inali ndi lamulo lakelake. Mnyanga umene wagunda pansi njovu ikagwa unali wa mfumu ya dziko, ndipo zikopa za mkango ndi kambuku zinkapitanso kwa mfumu. Kudzera m'njira imeneyi minyanga inkafika kwa Kalonga ku Mankhamba, kumunsi kwa mapiri ano pafupi ndi Mtakataka. Dr Yusuf Juwayeyi atafukula malowo adapeza zibangili za minyanga ndi zidutswa zake zochuluka, mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, ndi mapale a mbale za ku China. Tikamanyadira ufumu wa Maravi, tizikumbukira kuti mbali yaikulu ya chuma chake idachokera m'manja mwa alenje amene mayina awo sadasungidwe ndi wina aliyense.

Zaka za m'ma 1800 zidasokoneza dongosolo lonseli. Amalonda a Chiyao ndi Aluya adabweretsa mfuti za gogodela ndi wonga, ndipo mnyanga udasanduka ndalama yogulira nsalu, mfuti zina ndi akapolo. Munthu wokhala ndi mfuti sankafunanso midzi khumi kuti aphe njovu, choncho sankafunanso chilolezo cha mwini tchire. Angoni a kwa Maseko atakhazikika ku Domwe m'zaka za m'ma 1870, Achewa ambiri adathawira pamwamba pa mapiri ndi m'mapanga, ndipo kuitana uzimba kudakhala kovuta pamene kutuluka m'linga kunali kuika moyo pachiswe. Angoni nawo anali ndi kusaka kwawo kwa magulu a ankhondo, kumene kunkaphunzitsa anyamata kuzinga mdani. Kenaka m'zaka za m'ma 1890 mliri wa ng'ombe udasesa kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, nupha njati ndi ntchefu pamodzi ndi ziweto. Tisanamize ana athu kuti nyama zidatha ndi Azungu okha: pamene boma la atsamunda linkakhazikika, njovu zinali zitachepa kale m'madera ambiri, ndipo mafumu athu ena adalemera nawo malondawo.

Chimene atsamunda adachotsa ndi ulamuliro. Gomani Chikuse adaphedwa ndi asilikali a boma la Britain m'chaka cha 1896, ndipo chaka chotsatira, 1897, boma lidakhazikitsa malamulo a nyama ofuna chiphaso cholipira, nilipatula dambo la Elephant Marsh ku Chigwa cha Shire kuti likhale malo osungira nyama. Alfred Sharpe, amene adalamulira dziko lino kufikira 1910, adayamba wakhala mlenje wa njovu wogulitsa minyanga iye mwini. Lamulo la nyama la 1926 ndilo lidalasa mwambo pamtima, pakuti lidaletsa njira zimene anthu akumudzi ankasakira: mbuna, misampha, maukonde ndi kusaka kwa chigulu. Mzungu wa mfuti yamakono ndi chiphaso m'thumba ankatchedwa katswiri wa masewera. Mwini tchire woitana anthu ake monga ankachitira agogo ake adasanduka wakuba nyama. Amishoni ambiri ndi mabungwe a Afirika ophunzira a nthawiyo adalitsutsa lamulolo, ponena kuti nyama zikuwononga minda ndi kufalitsa kashembe wopha ng'ombe ndi kudwalitsa anthu matenda a kaodzera. M'zaka zomwezo za m'ma 1920 Chongoni, Phiri la Dedza ndi Dzalanyama zidalembedwa kukhala nkhalango za boma, ndipo pambuyo pake mitengo ya paini idabzalidwa m'malo ambiri momwe munali msuku ndi mombo.

Uzimba sudafe tsiku limodzi. Udapitirira mobisa, ukucheperachepera, mpaka nyama zake zidatsala akalulu, agwape ndi mbewa. Anthu adachuluka, minda idakwera m'mapiri, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 abale athu othawa nkhondo ku Mozambique adadzaza m'midzi ya m'malire a Dedza ndi Ntcheu, onse akufuna nkhuni ndi mitengo yomangira. Msampha wa luzi udalowedwa m'malo ndi khwekhwe wa waya. Luzi linkaola mvula ikagwa, ndipo msampha woiwalika unkafa wokha. Waya amakhala zaka akudikira, osasankha nyama yabere kapena mwana wa njovu. Lero lamulo la 1992 loteteza nyama zam'tchire, limene lidakhwimitsidwa mu 2017, limalola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 kwa wopha nyama zotetezedwa kwambiri. Bungwe lathu silikupempha kuti mikondo ibwerere m'tchire. Njovu zochepa zimene zatsala m'nkhalango za Thuma ndi Dedza-Salima nzofunika zamoyo.

Koma moto udatsala, ndipo udatsala wopanda mwini. Chaka chilichonse mu Seputembala timaona mizere yofiira ikukwera Phiri la Dedza usiku. Wayatsa ndani? Mwina mnyamata wofuna mbewa zisanu, mwina munthu wokwiya ndi alonda a nkhalango. Palibe adathira nsembe, palibe adayang'ana mphepo, palibe adzaitanidwe pabwalo. Kale tchire limodzi linkapsa tsiku limodzi lodziwika, anthu mazana ali pomwepo kuti aulondere, ndipo manda, akachisi ndi nkhalango za kumagwero a mitsinje sizinkakhudzidwa. Lero moto umalowa paliponse, umapha mphukira za mitengo, ndipo mwaye wake umadetsa matanthwe a zojambula zimene zapirira zaka mazanamazana. Pamene boma lidalanda mafumu mphamvu pa tchire, lidawachotseranso udindo wolondera moto, ndipo alonda ochepa olembedwa ntchito sangakwanitse zimene midzi yonse inkachita. Mafumu amene akhala pamipando yaulemu lero, a kwa Kasumbu, a kwa Kaphuka, a kwa Kachere, a kwa Kamenyagwaza ndi ena onse, ndiwo alowa m'malo mwa eni tchire aja, ndipo Lamulo la Nkhalango la 1997 limalola midzi kukhala ndi nkhalango zawozawo pansi pa mafumu awo.

Nyama zimene zidachoka m'mapiri zidatsala pabwalo. Gule Wamkulu, amene UNESCO idamulemekeza mu 2005, ali ndi njovu, mkango ndi kasiyamaliro wa maonekedwe a nyama ya nyanga, ndipo zithunzi zoyera za m'phanga la Namzeze zimaonetsa zilombo zomwezo. Za kudambwe sitilemba m'buku logawidwa kwa aliyense. Tingonena zimene maso a onse adzaone madzulo ano: ng'oma zikayamba, chilombo chidzatuluka kuchokera kutchire, amayi adzachiimbira, ndipo kwa kanthawi anthu, mizimu ndi nyama zidzakhala pabwalo limodzi monga zidalili ku Kaphirintiwa moto usadabuke. Chikatha kuvina chidzabwerera kumene chachokera, ndipo ife tidzatsala tikuyang'ana kumwamba, kudikira mvula ya chizimalupsa.